Custódio ndi bokosi lomaliza la pa mjigo

Mlongo wanga Custódio sadziwa kusiya chinthu pakati. Anthu a kuno ku Mandimba amamutamanda nazo, ati ndiye mmisiri weniweni. Ine akamatero ndimangowayang'ana, chifukwa ndinalipo tsiku limene khalidwe lomwelo linaphetsa munthu, ndipo munthuyo sanali iye.

Ndine Dalva, mchemwali wake wamkulu. Ndinamubereka kumsana ku Malawi, cha ku Namwera, kumene makolo athu anathawira nkhondo. Tinabwerera kwathu mu 1994, iye ali ndi zaka zisanu, ine khumi ndi ziwiri. Bambo athu anabwerako ndi zinthu ziwiri basi, wailesi ndi ukali. Custódio atafika zaka zisanu ndi zinayi, anamasula wailesi ija ndi mpeni wa mayi kuti aone chimene chinkaichititsa phokoso. Bambo anamupeza tizitsulo tili mbwee pamphasa. Sanafunse kanthu. Anatenga tcheni chakale cha njinga n'kuyamba kumukwapula nacho kumsana mpaka malaya anamamatira ndi magazi. Ine ndinkakuwa kuti thawa, chitseko chili chotsegula. Iye osathawa ayi. Misozi ili chuchuchu, mamina ali pakamwa, koma zala zikupotabe kawaya. "Kwatsala kamodzi, bambo," ankatero pakati pa zikwapu. Wailesi inalira bwinobwino madzulo ake, ndipo zipsera za tcheni ali nazo mpaka lero.

Atakula anapita ku Cuamba kukaphunzira kukonza mafoni kwa mmisiri wina wa pafupi ndi siteshoni ya sitima. Kumeneko anyamata awiri anamutchingira njira masanasana, akufuna foni ya kasitomala imene inali m'thumba mwake. Munthu wanzeru akanaipereka. Iye anaikumbatira ati sanamalize kuikonza, ndiye anamucheka ndi botolo losweka kuyambira pachigongono kufika pamkono. Anabwerera ku Mandimba ndi ulusi wa kuchipatala, n'kutsegula kabaraka kake, kasitolo kokonzera mafoni, moyandikana ndi benchi yanga ya nyemba mumsika. Anakwatira, anabereka mwana wamkazi, Chisomo. Mwanayo ali ndi zaka ziwiri anapita ndi mayi ake kukacheza kwa agogo ake ku Lúrio. Mjigo wa m'mudzimo unali utafa miyezi isanu, palibe amene anauza okonza, anthu ankamwa a m'dambo. Chisomo anatsegula m'mimba Lachitatu, Lachisanu tinali kumanda. Banja lija silinapitirire. Ndikunena zimenezi osati kumuikira kumbuyo, koma kuti mudziwe chifukwa chake nkhani ya mijigo inamulowa m'mafupa.

Zaka zinayi zapitazo kunabwera bungwe lina loona za madzi, ofesi yake ili ku Cuamba. Linkamangirira timabokosi pa mijigo ya m'midzi ya ku Mandimba ndi ku Ngauma. Bokosi lake ndi laling'ono, theka la njerwa. Pamwamba pali kasola, mkati muli kabatire ndi khadi la foni. Ntchito yake ndi kuwerenga kuti chogwirira cha mjigo chakwera ndi kutsika kangati pa tsiku, kulemba zimenezo m'kafayilo, n'kutumiza ku kompyuta ya ku Cuamba kudzera pa netiweki, imene ife kuno timati rede. Kuwerenga kukaima, a ku ofesi amadziwa kuti mjigo wafa, n'kutumiza okonza sabata lomwelo. Custódio atamva zimenezi anakwera shapa, minibasi ya kuno, tsiku lomwelo kukadzipereka yekha. Anamulemba kuti aziyang'anira mabokosi 31.

Koma mabokosiwo ankafa okha pakangotha miyezi itatu. Mabatire ankatheratu. A ku ofesi ankati anthu akumudzi akuba magetsi potchajira mafoni. Custódio anabweretsa bokosi limodzi pa baraka yake, n'kulilumikiza ku kompyuta yake yakale yomanga ndi labala, n'kukhala sabata lathunthu akuliyang'ana mmene limalankhulira ndi kompyuta ya ku Cuamba. Makasitomala ankabwerera pakhomo. Tsiku lina anandiitana ndili pakati poyeza nyemba. Amanditchula kuti mana, ndiye kuti achemwali.

"Mana, tiyerekeze mukutumiza thumba la nyemba kwa mayi uyo wa tsidya la msewu. Koma lamulo lake ndi loti munyamule kapu imodzi. Mukafika munene odi, mutchule dzina lanu, iye atchule lake, mufunsane za kunyumba, mumufunse ngati ali ndi malo oikapo, mupereke kapuyo, mudikire anene zikomo, mubwerere kukatenga ina. Mukafikanso, odi kachiwiri."

"Ndani wopusa angachite zimenezo?"

"Bokosi ili. Ndipo galimoto ikangodutsa pakati panu, mayi uja amakhuthula nyemba zonse, muyambirenso kapu yoyamba."

Anandifotokozera kuti njira yotumizira mafayiloyo anailemba anthu a m'mizinda yakutali, kumene rede siduka ndipo magetsi ndi a pakhoma. Analembera makompyuta akuluakulu a m'maofesi, wina n'kungoitenga kuiika m'kabokosi kopanda mphamvu. Ku Ngauma rede imabwera ndi mphepo n'kupita ndi mtambo. Kafayilo kamodzi kankatenga mphindi makumi awiri, kuduka, kuyambiranso, kuduka, mpaka batire kufa. Ine zinandikwiyitsa, kuti munthu wokhala pa mpando wofewa angalembe chinthu chimene sanachiyesepo pansi pa mtengo wa mango.

Custódio anaimbira foni dona Sónia, mkulu wa zamakompyuta ku ofesi ija, kupempha kuti alembe njira yake. Anamulola, mwina poganiza kuti atopa yekha. Anailemba miyezi isanu ndi iwiri, foni ya kasitomala mbali iyi, bokosi mbali iyo. Njira yake inali yachidule. Moni kamodzi kokha. Fayilo aidule tizidutswa, chilichonse ndi nambala yake. Kompyuta ya ku Cuamba isayankhe chidutswa chilichonse, ingotchula manambala amene sanafike. Rede ikaduka, bokosi lipitirize pamene linalekezera. Anachotsanso mawu ataliatali onse m'fayilomo, n'kutsala zilembo zosakwana mazana awiri. Zimene zinkatenga mphindi makumi awiri zinayamba kutenga masekondi asanu. Dona Sónia anabwera yekha ku Mandimba kudzamugwira chanza, ndipo ine ndinanyada, sindibisa.

Panali vuto limodzi. Kuti njira yatsopanoyo ilowe m'bokosi, inkayenera kubwera kuchokera ku Cuamba kudzera m'njira yakale ija, komaliza. Fayilo yake inali yaikulu, mphindi makumi anayi ngati rede ili bwino. Kabatire ka bokosi sikakanakwanitsa, ndiye ankalumikiza chingwe ku batire la mota, njinga yamoto. Kamlongoti kake kanali kofooka, ndiye ankamangirira kena pansonga ya nsungwi yaitali, munthu n'kuigwira m'mwamba osagwedeza. Rede ikaduka ankayambiranso. Koma magetsi akaduka bokosi lili mkati molemba, linkaferatu, lofunika kulitumiza kutali kumene mabokosi sabwerako.

Wogwira nsungwiyo anali Gaspar. Anali wa mota wa pa siteji ya pamsika, wamtali, wa nthabwala, bambo wa ana atatu. Mkazi wake Anifa ankagulitsa mandasi pafupi ndi malo okwerera shapa. Gaspar ankamuitana Custódio kuti enjinyeru, kutanthauza injiniya, ndipo ankadzitchula yekha mlongoti wotsika mtengo kuposa yonse m'chigawo cha Niassa. Awiriwa anazungulira midzi miyezi inayi. Mabokosi makumi atatu anatheka, n'kutsala limodzi, la m'mudzi wina wa ku Ngauma. Dzina la mudziwo sinditchula, anthu ake akudzidziwa.

Imeneyo inali nyengo ya mvula, ndipo matenda a m'mimba anali atalowa m'midzi. Ana akamafa, anthu amafuna woti amuloze chala. Panabuka mphekesera yoti timabokosi ta pa mijigo ndi timene tikuthira matenda m'madzi, ati n'chifukwa chake timaphethira kagetsi kofiira. M'mudzi wina anaphwanya bokosi ndi nkhwangwa n'kutentha nyumba ya wapampando wa komiti ya mjigo. Kwina anathyola nthiti mnyamata wa zaumoyo. Dona Sónia anaimba foni ndili pomwepo, kumuuza kuti lomalizalo lidikire mpaka mvula ithe. Custódio anayankha kuti batire lake latsala ndi masabata awiri, ndipo nthawi ya mvula ndi imene mjigo sufunika kufa mwakachetechete. Dona Sónia anamuuzabe kuti asapite. Custódio anati wamva. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma uyu khutu lake ndi lachikopa.

Linali Lachinayi, kumayambiriro kwa Malichi. Ine ndinakwera nawo chifukwa m'mudzimo munali mayi Estere, amene amandigulitsa nyemba zoyamba chaka chilichonse. Ndinaganizanso kuti pakakhala munthu wamkazi wodziwika, anthu sangatikayikire. Tinapanikizana atatu pa mota, nsungwi itamangidwa m'mbali.

Titayandikira mudzi tinapeza masamba atayalidwa pamsewu. Gaspar anazimitsa mota, tonse tinatsika, n'kumaikankha monga mwa mwambo. Mayi wina amene tinakumana naye anatiuza kuti maliro ndi a mwana wa bambo Jonas, mtsikana wa zaka zinayi, wa m'mimba. Anali wachitatu mwezi umenewo.

Ndinamugwira mkono mlongo wanga. "Tiyeni kaye pasiwa. Tikakhale pansi, atione nkhope, tipepese. Ntchito pa tsiku la maliro m'mudzi mwa eni ake, unaziona kuti?"

Iye anayang'ana kumwamba. Mitambo yakuda inali ikuunjikana kummawa. "Mvula iyo ikafika rede ithawa, mana. Mphindi makumi anayi basi. Tikamaliza tikapepesa, tikhala mpaka madzulo ngati mukufuna."

Gaspar anaseka pang'ono, koma maso ake sanaseke. "Achemwali akunena zoona, enjinyeru."

"Mjigo uli kunja kwa mudzi. Palibe atione."

Apa ndiye panali kupusa kwathu tonse atatu, ine ndemwe, wobadwira m'miyambo yomweyi. Tonse timadziwa kuti adzukulu akamaliza kukwirira, amapita kumadzi kukatsuka makasu ndi kusamba m'manja asanalowe m'mudzi. Timadziwanso kuti amayi amatunga madzi osambitsa anthu ochokera kumanda. Mjigo unalidi kunja kwa mudzi, koma m'mbali mwa kanjira kochokera kumanda. Palibe mwa ife anaganiza zimenezo.

Gaspar anaimika mota pafupi ndi simenti ya mjigo. Custódio anatsegula bokosi, n'kupana mawaya ku batire la mota, chingwe china n'kuchilumikiza ku foni yake yoonerapo manambala. Gaspar anakwera pamwamba pa simenti n'kunyamula nsungwi. Manambala anayamba kuyenda, 5 pa 100, 12, 20. Patali tinkamva nyimbo za maliro zikulowera kunkhalango. Atafika 60, rede inaduka. Foni inabwerera pa ziro. Custódio anatukwana, n'kuuza Gaspar kuti wagwedeza. Gaspar anati mapewa awawa, si chitsulo iyeyo. Anayambiranso, ndipo theka la ola linali litapita pachabe.

Ulendo wachiwiri utafika 71, kunabwera amayi anayi ndi zidebe. Anaima patali. Anayang'ana mlendo wokhala pansi ndi chingwe cholowa m'mjigo wawo, wina wamtali ataloza kumwamba ndi nsungwi ya kachitsulo kunsonga, kagetsi kofiira kakuphethira. Ndinawapatsa moni. Palibe anayankha. Anasiya zidebe pansi n'kubwerera, osati kumudzi, koma njira ya kumanda, ndipo ankathamanga.

"Enjinyeru, tiyeni," anatero Gaspar.

"Dikira pang'ono. Likulemba tsopano. Ndikachotsa lifa."

"Lisiye life," ndinatero ine. "Ndi bokosi, si mwana."

Anandiyang'ana moipa, ndipo ndinadziwa kuti ndalakwitsa mawu. Anabwezera maso pa foni.

Pa 85 tinawaona. Amuna oposa makumi awiri akutsika kanjira kaja, makasu, mapiki ndi mafosholo paphewa, dothi lofiira la kumanda lili m'miyendo. Sankaimba, sankalankhula. Kumbuyo kwawo khamu la amayi. Mota inali pomwepo, makiyi ali pomwepo. Kuchotsa mawaya awiri n'kuliza mota sikukanatenga mphindi imodzi, ndipo anthuwo anali akadali kutsidya kwa munda wa chimanga.

"Enjinyeru, tiyeni, ndapota nanu. Ndili ndi ana."

"Mphindi zisanu, Gaspar. Ndilankhula nawo ine. Usatsitse nsungwiyo."

Ndinayesa kukoka waya ndekha. Custódio anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka chibangili kuthyoka. Sanandigwirepo chotero chibadwire.

Pa 93 anali atatizungulira. Gaspar ananena kachitatu, chapansipansi, koma pamenepo panalibenso kopita. Kutsogolo kunali bambo wina wamfupi, malaya ong'ambika, maso otupa. Ameneyo ndiye anali Jonas, amene anali atangothira dothi pa mwana wake. Anafunsa ndi mawu osasa.

"Inu, mukuthira chiyani m'madzi mwathu?"

Munthu aliyense woleredwa akanaimirira. Akanavula chipewa, kugwada, kunena kuti pepani ndi zovutazi, bambo, talakwa kugwira ntchito lero. Mwina sizikanathandiza, koma mwina zikanathandiza. Mlongo wanga sanaimirire. Sanadzutse n'komwe mutu. Maso ali pa foni, anakweza chikhatho chimodzi kwa bambo wofedwayo n'kunena kuti, "Dikirani pang'ono, bambo, ndikufotokozerani."

Kenako mayi wina kumbuyo anakuwa, "Ndi omwewa! Akumalizitsa mankhwala awo!"

Woyamba kumenyedwa anali Gaspar, chifukwa ndiye anali pamwamba, ndiye ankaoneka, ndipo nsungwi ija ankaigwirabe ndi manja onse awiri monga anamuuzira. Fosholo inamupeza kumbuyo kwa khosi. Anagwada, nsungwi ili chiimire m'manja. Wina anamumenya ndi mpini wa piki kumaso, mano n'kuwazika pasimenti. Anagwera mu ngalande ya madzi otayika, ndipo amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi anamuunjirira. Ndinkamva kulira kwa zitsulo zikagundana zokhazokha, ndi kulira kwina kosiyana zikamupeza iyeyo. Anaitana dzina la mkazi wake kawiri.

Custódio anadziponya pa bokosi, dzanja lamanja ataliphimba nalo. Jonas anakweza khasu n'kulitsitsa chakumsana kwake. Dzanja ndi bokosi zinasweka limodzi. Ndinaona mafupa oyera atatuluka pakati pa tizidutswa ta pulasitiki. Mwala unamupeza pa diso lamanzere. Wina anamuponda pamutu, wina ankamukoka miyendo kuti amuchotse pa mjigo apeze pomenya bwino.

Ine ndinali pakati pa awiriwo, masitepe atatu uku, masitepe atatu uko. Thupi ndili nalo limodzi. Ndinagwera pa mlongo wanga. Ndinamuphimba mutu ndi chifuwa changa, n'kumakuwa dzina langa, dzina la bambo athu, dzina la mayi Estere, kuti ndine wa nyemba, mumandidziwa, ndadyapo m'nyumba zanu. Mpini unandithyola nthiti ziwiri. Wina anandikoka tsitsi mpaka linazuka ndi khungu. Sindinachoke. Nditatembenuza mutu ndinaona mwendo wa Gaspar ukugwedezeka mu ngalande, ndipo sindinapiteko.

Amene anatipulumutsa ndi mayi Estere. Anabowola khamulo, n'kuvula chitenje chake chakunja, kutifunditsa tonse awiri, n'kukhala pamwamba pathu. Anati amene akufuna kupha awa ayambe wapha iwo, pa tsiku limene aika mdzukulu wawo. Mwana womwalirayo analidi mdzukulu wawo, Jonas ndi mkamwini wawo. Amuna aja anabwerera m'mbuyo. Ukali wotsalawo anaumalizira pa mota. Anaiboola thanki ndi piki n'kuiyatsa, utsi wakuda n'kukwera. Kenako mvula ija inafika, yamphamvu, anthu n'kuyamba kumwazikana mmodzimmodzi, aliyense atanyamula khasu lake.

Ndinakwawa kupita kwa Gaspar. Nkhope inali yosazindikirika. Ankapumabe, mpweya ukutulukira ndi thovu lofiira. Ndinamuika mutu pamiyendo panga, ndikumuuza mabodza, kuti galimoto ikubwera, kuti Anifa ali m'njira. Anasiya kupuma mvula isanakate. Galimoto ya apolisi inafika patatha maola awiri.

Custódio anakhala m'chipatala ku Cuamba milungu isanu ndi umodzi. Anamudula zala zitatu za kumanja, diso lamanzere linafa. Apolisi anamanga anthu asanu ndi mmodzi, Jonas ali m'gulumo. Anthu ena amayembekeza kuti ndisangalala nazo. Sindisangalala. Ndimadana nawo amuna aja, ndipo ndikakumbukira maso otupa a Jonas chidanicho chimandisokonekera. Ndimadana ndi amene analemba njira yopusa ija ali kutali. Ndimadzida ndekha chifukwa cha masitepe atatu aja. Koma amene ndinamukwiyira kwambiri ndi amene ndinamuphimba ndi thupi langa, ndipo masabata onse a m'chipatala ndinkamudyetsa phala osamulankhula.

Mabokosi makumi atatu aja akugwirabe ntchito, amene sanaphwanyidwe. Dona Sónia akuti njira ya Custódio aitengera ku zigawo zina. Anamuuza zimenezi ali pabedi, iye anangotembenukira kukhoma.

Maliro a Gaspar anachitika Custódio ali chikomokere, ndiye atatuluka anati ndimuperekeze kwa Anifa akapepese. Tinapita m'mawa. Tinamupeza akukanda ufa wa mandasi pakhonde, ana ali kusukulu. Anatiyalira mphasa. Custódio anakana mphasayo n'kukhala padothi. Anayamba mawu amene anakonzekera, koma Anifa anamudula.

"Za pepani ndamva zambiri, achimwene. Apolisi anandiuza zawo, achemwali anu anandiuza zawo. Ndikufuna za inu. Gaspar anakuuzani kuti tiyeni?"

"Anandiuza."

"Kangati?"

"Katatu."

"Nthawi yothawa inalipo?"

"Inalipo. Kawiri koyambako inalipo."

Anifa anapukuta ufa m'manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Sanalire. Ine ndinkafuna alire, kapena atitukwane, kapena atithire mafuta amoto.

"Chinthu chanucho chinamaliza?"

"Ayi. Chinafika 97."

"Chikanamaliza, anthu aja akanachisiya pa mjigopo?"

Custódio anayang'ana chitsa cha dzanja lake. Apa akanatha kunama, ndipo ine mumtima ndinkamupempha kuti aname, anene kuti mwina, anene kuti ankayembekeza kuwafotokozera.

"Sakanachisiya. Akanachiphwanyabe."

"Munazindikira liti zimenezo? Muli m'chipatala?"

"Ayi," anatero mlongo wanga. "Ndinadziwa pamene ndinawaona akutsika ndi makasu."

Anifa anakoka beseni lake n'kupitiriza kukanda.

"Mwapepesa, ndamva," anatero. "Muzipita ana anga asanabwere. Amakudziwani kuti ndinu mnzawo wa bambo awo, ndipo sindinawauze china."